Nyongolotsi ya m'Mimba mwa Usipa: Mmene Tingayankhire Ana

Mphunzitsi amene adzatumizidwe kusukulu ya m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi ayembekezere funso ili paphunziro la zaumoyo: "Aphunzitsi, kodi nyongolotsi yoyera imene timaipeza m'mimba mwa usipa ingatidwalitse?" Kumukalipira mwana wotere nkulakwa, pakuti chimene waonacho nchoona.

Nyongolotsi imeneyo akatswiri amaitcha Ligula intestinalis. Imakhwimira m'matumbo mwa mbalame zodya nsomba. Mazira ake amagwera m'madzi pamodzi ndi zitosi, ndipo akaswa, timphutsi take timamezedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono tam'madzi. Usipa umadya tizilomboto, mbalame nkudya usipawo. Munthu sali nawo paulendo umenewu.

Komabe pali ina yofanana nayo imene imakhwimira mwa munthu, dzina lake Diphyllobothrium latum. Imeneyi imadziŵika kwambiri kumaiko ozizira akumpoto, ndipo kale inkasautsa anthu ambiri ku Finland, kumene ankakonda nsomba zaziŵisi zongothira mchere. Njaphanthiphanthi ngati lamba, ndipo imatha kutalika mamita 10. Ambiri amene ali nayo samva kanthu, koma imalanda vitamini B12 m'chakudya, kotero kuti ena magazi amaŵachepera. Ku Thailand ndi ku Laos nsomba zaziŵisi zimapatsa anthu ina yaing'ono yonga tsamba, Opisthorchis viverrini, imene imakhala m'njira za ndulu m'chiŵindi. Ikakhalitsa zaka zambiri imatha kuyambitsa khansa.

Kuno kwathu chimatitchinjiriza nchizoloŵezi chathu chophika, kuotcha kapena kukazinga nsomba. Koma ana adziŵe kuti mchere, dzuŵa ndi utsi wapang'ono sizipha timphutsi tonse. Moto ndiwo umapha, malinga nsombayo ipse mpaka m'kati.

Maina achilendoŵa ngainu aphunzitsi. Musavutitse nawo ana. Jambulani pabolodi munthu, madzi, kachilombo ndi nsomba, nkuzilumikiza ndi mivi yozungulira. Kenaka funsani kuti, "Ulendowu tingaudule pati?" Musafulumire kuyankha nokha, monga ambiri a ife timachitira kalasi ikakhala chete. Ana adzapeza okha malo aŵiri: chimbudzi, chimene chimatsekereza mazira kuti asafike kumadzi, ndi mphika.

Samalani kuti ana asasokoneze zimenezi ndi likodzo. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono ndipo timaloŵa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa m'madzi. Sitibwera ndi ndiwo ayi. Likodzo lipatseni tsiku lakelake ndi chithunzi chakechake, kuopa kuti mwana angayambe kukana usipa kunyumba kwinaku akusamberabe pamadzi a nkhono.