U-177: SITIMA YA AJEREMANI IMENE INABISALA PA NJIRA YA ASILIKARI ATHU

Madzi a Lunsemfwa ndi Luangwa, mitsinje imene anthu a kwa Mfumu Mpanshya aidziwa bwino, amatsikira mu Zambezi ndi kukathera m'nyanja yamcere ya India. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 kufikira 1945, nyanja imeneyo ndiyo inali njira ya dziko lathu. Mkuwa wa ku migodi unali kutumizidwa pa njanji kupita ku doko la Beira, ndipo asilikari a Northern Rhodesia Regiment, ana a m'midzi, anaoloka madzi omwewo popita ku Madagascar, Ceylon ndi Burma. Koma pansi pa madziwo panali adani, ndiwo sitima za Ajeremani zoyenda mobisala.

Imodzi mwa sitimazi inali U-177, yopangidwa mumzinda wa Bremen. Inanyamuka pa doko la Kiel mu Seputembala 1942, mkulu wace ali Robert Gysae, nizungulira kunsi kwa Afirika kufikira kufupi ndi gombe la Natal ndi Mozambique. Nchito yace inali kudikira zombo za Angelezi ndi anzao, ndi kuziboola ndi mabomba othamanga m'madzi.

Tsiku loopsa koposa linali 28 Novembala 1942. M'mawa mwace U-177 inaphulitsa combo cochedwa Nova Scotia, cimene cinali pa ulendo wocokera ku Massawa kupita ku Durban. Comboco cinamira m'mphindi zowerengeka. Gysae atavuula anthu awiri, anadzidzimuka kumva kuti ambiri a m'combomo anali akaidi a ku Italy, dziko limene linali kumbali ya Jeremani pa nkhondoyo. Anatumiza uthenga kwa akuluakulu ace, koma iwo anamlamula kupitiriza nchito yace, nadziwitsa Apwitikizi. Combo cao, Afonso de Albuquerque, cinacokera ku Lourenço Marques, kumene lero kuchedwa Maputo, nicifika m'mawa mwace. Cinapulumutsa anthu osakwana 200. Anthu 858 anafa, ena pomira, ena pogwidwa ndi nsomba zolusa zochedwa shaki. Mitembo yambiri inakokoledwa kufikira ku gombe la Natal.

Patapita masiku awiri okha, sitima yomweyi inamizanso Llandaff Castle, combo cimene Angelezi anali kunyamuliramo asilikari. Mu 1943 inabweranso ku madzi a Madagascar, nikhala pa nyanja miyezi 6. Pa maulendo ace onse atatu inamiza zombo 14.

Koma wosaka nayenso amasakidwa. Pa 6 Febuluwale 1944, ndege ya Amereka inaipeza m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa cisumbu ca Ascension, niiponyera mabomba. Amuna 50 anamira nayo. Opulumuka anali 15.

M'mabuku a nkhondo mbiri ya U-177 iwerengedwa ndi zombo zimene inamiza. Kumudzi nkhondo iwerengedwa ndi anthu. Mnyamata amene anali asanaonepo madzi oposa Luangwa anagona m'combo masiku ambiri, osadziwa cimene cinali pansi pace. Pamene dziko likumbukira asilikari ace mu Novembala caka ndi caka, mabanja akumbukirenso kuti makolo ao anayamba kuyang'anana ndi imfa asanafike n'komwe ku bwalo la nkhondo.