Munalasiwa katemela kunja? Ku eyapoti safuna nkhani, afuna pepala

Tikiti mwagula, viza yatuluka, chola mwamanga kale. Mwafika pa check-in, ba sisi a pa kompyuta ayang'ana pasipoti, ayang'ana kwamene muyenda, ndiye akufunsani kuti khadi ya katemela ili kuti. Imwe muyamba kufotokoza kuti munalasiwa kudala, pamene munali pa sukulu ku India, olo pamene munali kusebenza ku Johannesburg. Mufika na pofuna kupinda shati kuti muonetse phewa. Mwandi, phewa silikamba. Munthu wa pa kaunta alibe mphamvu yokhulupilila mau anu. Ngati akukwezani mu ndeke mulibe mapepala oyenela, kampani yake ndiye izavutika kukubwezani.

Vuto iyi ikhudza a Zambia ambili kuposa mwamene tiganizila. Tili na ana a sukulu ku Russia, China na India, ma nasi na osamalila okalamba ku Britain, madilaiva a matilaki, azimai a bizinesi a ku Dubai na Dar es Salaam, oimba na ma DJ amene aitaniwa ku mashoo kunja. Onse awa afunika kudziwa chinthu chimodzi: umboni wa katemela uchokela kwamene munalasiwa. Kiliniki ya mu komboni mwanu, kaya ni ku Matero olo ku Chawama, ilibe buku yamene ionetsa nyeleti yamene munalandila ku Moscow. Ngati munachoka kuja manja lende, pano palibe amene angakulembeleni vamene sanaone.

Covid inatiphunzitsa movuta

Amene anayenda mu 2021 akumbuka bwino. Zambia inayamba kulasa katemela wa Covid-19 mu April 2021, na AstraZeneca wamene anabwela kupitila mu COVAX. AstraZeneca wambili wamene Africa inalandila nthawi ija anapangiwa ku India na Serum Institute, dzina lake Covishield. Pa 1 July 2021 European Union inayamba satifiketi yake ya QR code, koma Covishield sanali pa mndandanda wa European Medicines Agency. Mankhwala ni amodzimodzi, fakitale chabe ndiye inasiyana. Maiko ena a ku Europe anamuvomela paokha, ena anachedwa, ndipo apaulendo anasokonezeka.

Mu September chaka chomwecho Britain inalengeza malamulo amene anakalipitsa anthu maningi. Munthu amene analasiwa AstraZeneca mu maiko ambili a mu Africa anali kuwelengewa monga sanalasiwe, ngakhale kuti Britain yomweyo inali kupatsa Africa katemela uja. Nkhani inali pa masatifiketi: boma la Britain linali kuvomela chabe mapepala a maiko amene linaika pa mndandanda wake. Pambuyo pake mndandanda unakula, koma ambili anali atataya kale ndalama za matikiti na ma test.

Ana a sukulu a ku Russia naonso anaona zakuda. Kuja katemela wofala anali Sputnik V, wamene World Health Organization sinamuike pa mndandanda wake. Pamene America inatsegula malile pa 8 November 2021, inali kuvomela chabe katemela wovomelezewa na FDA olo WHO. Wa Sputnik anatsala panja. Mnzake wa ku China amene analasiwa Sinopharm olo Sinovac anapita, chifukwa WHO inavomeleza awa mu May na June 2021.

Manje malamulo aja anatha. WHO inalengeza pa 5 May 2023 kuti Covid siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, America inachotsa lamulo lake mwezi womwewo, satifiketi ya European Union inatha pa 30 June 2023, ndipo NHS COVID Pass ya ku Britain inatsekewa mu December 2023. Apa pali phunzilo kwa imwe amene musunga vonse mu foni. App imafa, nambala ya foni ya kunja imatsekewa mukabwelela kumudzi, ndipo password imaiwalika. Amene anapulinta pepala lake akali nalo mpaka lelo.

Kabuku kachikasu ndiye kakali na mphamvu

Katemela wamene akali kubweza anthu pa malile ni wa yellow fever. Matenda awa abwela na udzudzu, apangitsa maso na khungu kukhala vachikasu, ndipo alibe mankhwala ake-ake ochilitsa. WHO ikamba kuti mwa odwala amene afika pa siteji yoopsa, pafupifupi hafu amamwalila mkati mwa masiku 7 mpaka 10. Ndiye chifukwa chake maboma saseka nayo nkhani iyi.

Umboni wake ni kabuku kaja kachikasu, dzina lake lonse International Certificate of Vaccination or Prophylaxis, kamene kali pansi pa malamulo a WHO a 2005, International Health Regulations. Ubwino wake ni wakuti ni ka dziko lonse. Ngati munakatenga ku London, Mumbai olo Pretoria, kasebenza kulikonse, malinga ngati kiliniki yamene inakulasani ni yovomelezewa na boma la dziko lija kupatsa katemela wa yellow fever. Simufunika kukasintha kuti kakhale ka Zambia.

Masiku awili muwasunge mu mutu. Choyamba, khadi iyamba kusebenza pakapita masiku 10 kuchokela tsiku yamene munalasiwa. Mukalasiwa pa Monday kuti mukwele ndeke pa Friday, mwataya ulendo. Chachiwili, kuchokela pa 11 July 2016 khadi iyi ni ya moyo wanu wonse. Kale inali ya zaka 10, koma WHO inasintha lamulo, ndipo ngakhale khadi yakale yamene inalembewa tsiku yothela ikali yabwino. Munthu asakunamizeni kuti yatha ndiye mulipile ina.

Maiko monga Angola, DR Congo, Ghana, Cameroon na Côte d'Ivoire afuna khadi iyi kwa mlendo aliyense, kaya achokela kuti. Amene anatsatila Chipolopolo ku San Pedro pa AFCON ya mu January 2024 adziwa kuti tikiti ya bola payokha sinali yokwana. Awili mwa maiko awa ni aneba athu, so nkhani iyi ikhudza na amene adutsa pa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi na katundu.

Msampha wa transit

Maiko ena safunsa aliyense, afunsa chabe amene achokela ku dziko lamene lili na yellow fever. South Africa na Tanzania ali mu gulu iyi, Zambia nayenso chimodzimodzi. Akuluakulu akumbuka kuti South Africa inali kufuna khadi kwa ochokela ku Zambia kuyambila 2011, ndipo lamulo lija linachotsewa mu 2015. Ndiye ambili aganiza kuti ku South kulibe nkhani ya khadi.

Koma onani njila yanu. Ndeke zambili zochipa zipitila ku Addis Ababa olo Nairobi, ndipo Ethiopia na Kenya ali pa mndandanda wa WHO wa maiko a yellow fever. Ngati mwakhala pa eyapoti ya kumeneko maola opitilila 12, maiko monga South Africa akuwelengani monga mwachokela konko. Tikiti yamene inaoneka yochipa chifukwa mugona pa mpando usiku wonse ingakudyeleni zambili. Ndeke ikachedwa, maola 8 angasanduke 13 imwe osakonzeka.

Vamene afuna kuona pa khadi

Tulutsani khadi yanu lelo muione bwino. Ifunika kukhala na dzina lanu monga mwamene lilili mu pasipoti, tsiku yobadwa, na siginecha yanu. Ifunika kuonetsa tsiku yamene munalasiwa, kampani yamene inapanga katemela, na batch number. Ba dokotala olo ba nasi amene anayang'anila afunika kusaina na dzanja lao, ndipo pakhale chidindo cha kiliniki. Chidindo pachokha sichilowa m'malo mwa siginecha. Lamulo likambanso kuti khadi ilembewe mu Chizungu olo Chifalansa, ngakhale chitundu china chingaonjezewepo.

Apa ndiye pamene anthu olasiwa kunja amagwela. Ku Russia dzina lingalembewe mu zilembo zao, ndiye polibweza mu zilembo zathu lituluka losiyana na la mu pasipoti. Ku America alemba mwezi poyamba, tsiku pambuyo, so 03/04 kwa iwo ni March 4, kwa ise ni 3 April. Pemphani kuti mwezi ulembewe mu mau. Ba mayo amene munasintha dzina mutakwatiwa, yendani na satifiketi ya ukwati. Ndipo mukaona cholakwika, musayese kukonza mweka na bolopeni olo Tipp-Ex. Kufufuta kulikonse kungaononge khadi yonse.

Palinso amene analasiwa pa kampeni ya mlili. Mu 2016 yellow fever inavuta ku Angola, inafalikila ku DR Congo, ndipo anthu 11 anafika nayo mpaka ku China. Katemela anachepa pa dziko lonse, ndiye ku Kinshasa mu August 2016 anthu oposa 7 miliyoni anapatsiwa gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo wanthawi zonse. Kamlingo kaja kanathandiza kuimitsa mlili, koma WHO inakamba kuti sikapatsa munthu khadi ya ulendo. Brazil inachita chimodzimodzi mu 2018. Ngati munalasiwa mu mzele wa kampeni, kapepala kamene anakupatsani si kabuku kachikasu.

Khadi yasowa, manje bwanji?

Yambani na kiliniki yamene inakulasani. Alembeleni email, muwapatse dzina, tsiku yobadwa na mwezi wamene munapita. Ku Britain, makiliniki ovomelezewa a yellow fever aloledwa kulemba khadi ina ngati pali umboni wokwana wa tsiku na batch number. Apa chithunzi cha khadi yakale mu foni chingakupulumutseni, ngakhale kuti chithunzi pachokha sichilowa m'malo mwa khadi pa malile.

Ngati umboni wasowelatu, njila yotsala ni kukamba na ba dokotala za kulasiwa kachiwili. Funsani ku ofesi ya zaumoyo ya distilikiti yanu kuti ni kiliniki iti yamene ipatsa katemela uyu. Kambani zoona za umoyo wanu, chifukwa si aliyense angalasiwe. Makanda osafika miyezi 9, azimai apakati, amene mazila amawadwalitsa koopsa, amene chitetezo cha thupi chatsika, na opitilila zaka 60 afunika kuonewa bwino poyamba. Ba dokotala angalembe kalata yakuti simungalasiwe, koma dziko lamene muyendako lili na ufulu wokusungani padela mpaka masiku 6.

Ndipo kuli aja anyamata amene akamba ati "boss, khadi tipanga manje-manje, nyeleti palibe". Athaweni. Nigeria inafika posintha makhadi ake onse mu 2019 kuika a QR code chifukwa cha makhadi abodza. Kugwiliwa na chikalata chabodza ni mlandu. Ngakhale mudutse pa malile, udzudzu wa ku Luanda suwelenga chidindo.

Ana na oyenda ku Makkah

Makolo amene munabalila kunja, buku ya mwana ni chuma. Pano tili na khadi ya under five, ku South Africa ali na Road to Health, ku Britain ali na red book. Bwelani nayo, muionetse ku kiliniki kuti ba nasi aone vamene mwana analandila kale na vamene vatsala. Khadi yomweyo ingafunike patsogolo, chifukwa mayunivesiti ambili a ku America afunsa umboni wa katemela wa chikuku mwana asanayambe maphunzilo.

Abale athu achisilamu oyenda ku Hajj, Saudi Arabia ifuna umboni wa katemela wa meningitis wochedwa ACWY, wolasiwa masiku 10 olo kuposa musanafike. Uyu si wa moyo wonse. Asebenza zaka 3 olo 5 kulingana na mtundu, so onani kuti mtundu unalembewa pa pepala.

Musanakwele ndeke yobwelela

Imwe amene mukali kunja, nthawi yabwino ni ino, pamene kiliniki ili pafupi ndipo nambala ya foni ikali kusebenza. Pitani mukatenge mbili yonse ya katemela wanu pa pepala, yosainiwa, ya chidindo, mu Chizungu. Ngati satha kulemba mu Chizungu, pezani womasulila wovomelezewa konko. Dawunilodani masatifiketi onse a pa app, mupulinte, muzitumile na pa email. Lembani dzina na adilesi ya kiliniki. Kabuku kachikasu kakhale pamodzi na pasipoti mu chola cha m'manja, osati mu sutikesi yamene ingasowe pa Addis Ababa.

Malamulo amasintha mlili ukabuka, so pa ulendo uliwonse funsani embase ya dziko lamene muyendako na kampani ya ndeke, osati gulu ya WhatsApp. Funsani za dziko lamene mupitilamo, muwelenge na maola a transit. Chitani ivi kukali mwezi wathunthu, kuti ngati nyeleti ifunika, masiku 10 aja akwane ndeke isananyamuke.