Mmene mtengo wa gasi ndi magetsi umalowera m'thumba la feteleza



Pa msonkhano wa makolo wapitawu, titatha kukambirana za fizi, bambo wina anatiimitsa ife aphunzitsi a sayansi ndi funso. Anati: "Inu mumaphunzitsa ana athu za kusakaniza mankhwala. Tandiuzeni, nkhondo ya ku Ukraine inalowa bwanji m'thumba la feteleza?" Anthu anaseka, koma funsolo linali lanzeru. Nthawi ya swala ya Asr inali itakwana, choncho tinalonjeza kuti tidzayankha m'kalata muno. Ophunzira a Folomu 3 ndi 4 muwerenge modekha, chifukwa zina mwa izi mumakumana nazo m'kalasi.

Tiyambe ndi yureya, feteleza wobereketsa uja. Chimene chimanga chimafuna mwa iye ndi nayitirojeni, ndipo nambala 46 yolembedwa pathumba imatanthauza kuti mwa magawo 100 a zimene zili m'katimo, magawo 46 ndi nayitirojeni. Chodabwitsa n'chakuti nayitirojeniyo ndi waulere. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 mwa 100 ndi iyeyo. Vuto ndi lakuti mumpweya amakhala awiriawiri, atagwirana mwamphamvu kwambiri, moti chimanga sichingathe kumutenga. Nyemba, soya ndi mtedza zili ndi mwayi, chifukwa tizilombo tokhala m'timatuza ta kumizu yake timawagwirira ntchito imeneyi. Chimanga chilibe wochithandiza wotero.

M'chaka cha 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anasonyeza kuti nayitirojeni wa mumpweya angathe kulumikizidwa ndi haidirojeni n'kupanga amoniya. Carl Bosch, wa kampani ya BASF, anaikulitsa njirayo, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau, kufupi ndi mzinda wa Ludwigshafen, mu 1913. Kuchokera ku amoniya ndiko kumapangidwa yureya, CAN, komanso nayitirojeni wa mu feteleza wokulitsa. Koma kuti mipweya iwiriyi ilumikizane, pamafunika kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi kuipanikiza kufika pa muyeso wa 150 kapena kuposerapo. Tayala la galimoto limapopedwa kufika pa 2 kapena 3 chabe pa muyeso womwewo. Moto wotere ndi makina opanikiza chotere zimadya mphamvu zambiri, usana ndi usiku, chifukwa fakitale yamtunduwu siizimitsidwa madzulo ngati chigayo.

Nanga haidirojeni amachokera kuti? Apa ndiye pagona nkhani. Mafakitale ambiri amamutenga mu gasi wokumbidwa pansi pa nthaka. Amasakaniza gasiyo ndi nthunzi yotentha kwambiri, haidirojeni n'kupatuka, kaboni n'kutsala ngati mpweya wa kaboni dayokisaidi. Choncho gasi amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: ndiye chopangira, ndiyenso nkhuni. Taganizirani mayi wokazinga mandasi amene ufa wake ndi nkhuni zake ndi chinthu chimodzi chogulidwa kwa munthu mmodzi. Munthuyo akakweza mtengo, mayiyo alibe pothawira. Ku Ulaya, gasi yekha amatenga gawo lalikulu koposa la ndalama zopangira amoniya, ndipo mtengo ukakwera amafika pa magawo 80 kapena 90 mwa 100.

Tsopano tione zimene zinachitika. Kumayambiriro kwa 2021, gasi ku msika waukulu wa ku Ulaya ankagulidwa pa mayuro pafupifupi 20 pa muyeso umene amagulitsira. Mtengo unayamba kukwera chaka chomwecho, mafakitale atayambanso kugwira ntchito pambuyo pa Covid. Mu February 2022 dziko la Russia linalowa ndi nkhondo ku Ukraine. Mayiko a mu mgwirizano wa European Union ankagula kwa Russia pafupifupi magawo 40 mwa 100 a gasi wawo wochokera kunja, ndipo gasi wodutsa m'mapaipi anayamba kuchepa mpaka paipi yaikulu ya Nord Stream inaima. Mu August 2022 muyeso uja wa mayuro 20 unadutsa mayuro 300.

Mafakitale anachita zimene mayi wa mandasi uja angachite: anazimitsa moto. M'mwezi womwewo wa August, pafupifupi magawo 70 mwa 100 a mphamvu yopangira amoniya ku Ulaya anali ataimitsidwa. Kampani ya Yara ya ku Norway inatsitsa ntchito yake ya amoniya ku Ulaya kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Britain, kampani ya CF Industries inatseka fakitale yake ya ku Ince mu 2022, ndipo chaka chotsatira inalengeza kuti yasiyiratu kupanga amoniya ku Billingham, izingogula wochokera kunja. Ngakhale BASF, mwini njirayo, inanena kuti mu 2022 inalipira mayuro 3.2 biliyoni owonjezera pa mphamvu zokha. Mu February 2023 inalengeza kuti ichotsa ntchito 2,600 ndi kutseka imodzi mwa mafakitale ake awiri a amoniya ku Ludwigshafen, komwe zonse zinayambira zaka 110 m'mbuyomo. Nthawi yomweyo inali ikumanga malo aakulu atsopano ku Zhanjiang, m'dziko la China.

Si feteleza yekha. Klorini wothira m'madzi akumwa ndi soda wopangira sopo amapangidwa podutsitsa magetsi m'madzi a mchere, choncho mafakitale ake amalira magetsi akakwera mtengo. Pongodutsa, ophunzira mudziwe kuti mawu akuti alkali, amene mumawalemba pa mayeso, anachokera ku Chiarabu, ku mawu otanthauza phulusa la zomera. Ndi nzeru yomweyo imene amayi athu amagwiritsa ntchito pocheza chidulo chophikira therere.

Ulaya atasiya kupanga, anayamba kugula kumene enafe timagula. Mayiko okhala ndi gasi wotsika mtengo, monga Qatar, Saudi Arabia, Egypt, Algeria ndi America, anapeza makasitomala atsopano a ndalama zambiri. China nayo inali itachepetsa feteleza wotumiza kunja kuti alimi ake asasowe. Tani imodzi ya yureya, imene mu 2020 inkagulidwa pa madola osakwana 300, inadutsa madola 800 mu 2022. Dziko lathu lilibe fakitale ya amoniya. Yureya yense timachita kuitanitsa, amatsika pa madoko a Beira ndi Nacala, kenaka n'kukwera sitima kapena malole. Ndiye mtengo wa kunja uja umabwera wathunthu, n'kuwonjezerapo wa mayendedwe. Tisaiwalenso kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu mu May 2022 ndiponso mu November 2023, moti si zonse zimene tingaloze chala gasi. Ngakhale pa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, thumba limene mlimi ankapereka K4,495 mu 2020 linafika pa K15,000 mu 2022. Bambo aja, yankho lanu ndi limeneli.

Komabe pali mbali yachiwiri ya nkhaniyi, imene sidzatha ngakhale nkhondo itatha. Tanena kuti popatula haidirojeni pamatsala kaboni dayokisaidi. Tani iliyonse ya amoniya yopangidwa ndi gasi imatulutsa pafupifupi matani awiri a mpweya umenewu, ndipo kumene amagwiritsa ntchito malasha, monga m'mafakitale ambiri a ku China, umatuluka wochuluka kuposa apa. Mpweyawu ndi umodzi mwa imene ikutenthetsa dziko. Pofuna kuuchepetsa, European Union inakhazikitsa lamulo mu 2005 lakuti fakitale izikhala ndi chilolezo pa tani iliyonse ya mpweya umene yatulutsa. Zilolezozo zimagulidwa pamsika, ndipo chiwerengero chake chimachepetsedwa chaka ndi chaka kuti mtengo uzikwera. Mu February 2023 chilolezo chimodzi chinafika pa mayuro 100.

Eni mafakitale anadandaula, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu. Amati: "Mukatilipiritsa ife, koma anzathu a kunja osalipira, tidzatseka, katundu azichokera kunja, ndipo utsi uzitulukabe, kungoti kudziko lina." Mlengalenga mulibe malire, utsi wa ku China ndi wa ku Germany umatenthetsa mofanana. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri mafakitalewa akhala akupatsidwa zilolezo zambiri mwaulere. Kenaka European Union inakonza njira ina, yotchedwa CBAM, yakuti katundu wolowa kuchokera kunja, monga feteleza, simenti, chitsulo ndi aluminiyamu, azilipira molingana ndi mpweya umene unatuluka pomupanga. Inayamba mu October 2023 ndi gawo longolemba malipoti, ndipo dongosolo lake linali lakuti zilolezo zaulere zija zizichotsedwa pang'onopang'ono kuyambira 2026 mpaka 2034.

Ife sitigwirizana ndi amene amati malamulo a zachilengedwe ndiwo anatseka mafakitale mu 2022. Chinawatseka ndi mtengo wa gasi. Sitigwirizananso ndi amene amati kusintha kwa nyengo ndi nkhani ya azungu. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita kuchigawo cha kummwera mu March 2023 sangalankhule choncho, ndipo Msilamu amadziwa kuti dzikoli ndi amana imene anasungitsidwa. Koma tivomerezenso kuti kuyeretsa fakitale kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo wina amaulipira. Nthawi zambiri amaulipira ndi wogula wakumapeto, amene ndi mlimi.

Kodi pali njira yopangira amoniya popanda gasi? Ilipo, ndipo si yachilendo. Mukadutsitsa magetsi m'madzi, madziwo amagawika kukhala haidirojeni ndi okosijeni. Magetsiwo akakhala ochokera ku dzuwa, mphepo kapena mathithi, utsi sutuluka. Anzathu a ku Zimbabwe anachita zimenezi kalekale. Kampani ya Sable Chemicals ku Kwekwe inayamba kupatula haidirojeni m'madzi mu 1972, ikugwiritsa ntchito magetsi a ku Kariba. Inatero kwa zaka zoposa 40, mpaka mu 2015 pamene inasiya chifukwa magetsi anakwera mtengo ndi kuchepa, n'kuyamba kuitanitsa amoniya kuchokera kunja. Fakitale imodziyo ikamagwira ntchito yonse inkafuna mamegawati oposa 100. Yerekezani ndi kwathu kuno: siteshoni yonse ya Kapichira pa mtsinje wa Shire imapanga mamegawati pafupifupi 130, ndipo itawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022, tonse tinaudziwa mdima wake. Malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima amapanga 60.

Nkhani ya Sable ikutiphunzitsa kuti njira yoyera nayonso imaima kapena kugwa ndi mtengo wa mphamvu. Tani imodzi ya amoniya yopangidwa ndi magetsi imadya mayunitsi pafupifupi 10,000. Makolo amene mumagula mayunitsi a ESCOM mungathe kuwerengera nokha. Magetsi a dzuwa atsika mtengo kwambiri pa zaka zapitazi, koma dzuwa limalowa, pomwe fakitale ikufuna kugwira ntchito usiku wonse, choncho pamafunika mabatire kapena matanki osungira haidirojeni, zimene zimawonjezera ndalama. N'chifukwa chake zimene zamangidwa ku Ulaya zidakali zazing'ono. Ku Puertollano, m'dziko la Spain, anatsegula makina a mamegawati 20 mu 2022, ndipo Yara inatsegula a mamegawati 24 ku Herøya mu 2024. Awa amangopereka kagawo kochepa ka haidirojeni amene mafakitalewo amafuna. Ntchito yaikulu kwambiri yamtunduwu inayambidwa ku NEOM, m'dziko la Saudi Arabia, komwe dzuwa ndi mphepo zili zambiri ndipo malo ndi otakasuka. Inakonzedwa kuti izipanga matani oposa 1 miliyoni a amoniya pa chaka, ndi ndalama zokwana madola 8.4 biliyoni.

Apa tikuona kuti fakitale ya mankhwala imatsata mphamvu yotsika mtengo monga mbuzi itsata msipu. Dzulo inatsata malasha ndi gasi. Malamulo atsopanowa akuikankhira kumene kuli dzuwa, mphepo ndi madzi, koma idzapita pokhapokha magetsi a kumeneko atakhala ochuluka, osazimazima ndiponso otsika mtengo. Dzuwa tili nalo, koma zinazo tilibe, ndipo sitikufuna kunamiza ophunzira kuti fakitale ya yureya ifika kwathu kuno posachedwa. Chimene tingachite pakadali pano ndi chimene alangizi a zaulimi amanena kale: kukwirira yureya m'nthaka yachinyezi m'malo momumwaza pamtunda pomwe amauluka ngati amoniya, kuthira manyowa, ndi kusinthanitsa chimanga ndi soya kapena mtedza. Kutaya feteleza wogulidwa pa mtengo wotere ndi israf ndithu.

Temu ikubwerayi, in shaa Allah, ophunzira a Folomu 3 adzagawa madzi okha m'labotale yathu. Zofunika ndi batire, mawaya awiri, mapensulo awiri osongoledwa mbali zonse ndi kapu ya madzi othiramo soda wophikira. Adzaona tinthovu tikutuluka kunsonga za mapensulo, kwina tochuluka kawiri kuposa kwinako, ndipo tochulukato ndiye haidirojeni. Kenaka adzawerengera kuti batireyo yatha msanga bwanji poyerekeza ndi mpweya wochepa umene apeza. Makolo ndi a komiti amene mungafune kudzaonerera, mudziwitse ofesi ya a hedi, tsiku lidzalengezedwa ikatha swala ya Jumu'ah.