Jack Bauer akadali m'manja mwa adani, ku Ntcheu akudikirabe

Ukatsika minibasi pa boma la Ntcheu dzuwa litapendeka, okulandira si oitanira okha ayi. Kuseri kwa magolosale, m'tinjira tolowera kumsika, masipika a m'mavidiyo sho amakhala akulavula mfuti ndi mabomba. Pamwamba pa phokosolo pamamveka mawu a mnyamata wotanthauzira filimu m'Chichewa, uja amatha kuika mawu m'kamwa mwa mzungu mpaka kumulankhulitsa za kachewere wa ku Tsangano.

M'tinyumba totereti, komanso m'makomo momwe mudafika makina a DVD m'zaka za m'ma 2000, ndi momwe ambiri a ife tidadziwira mayina awiri: Jack Bauer ndi Michael Scofield. Mayinawa adalowa mpaka m'macheza a pabwalo. Mwana wozemba ntchito ya kumunda mochenjera ankangotchedwa Scofield. Ine ndidakwerapo njinga ya kabaza yolembedwa dzina la Bauer kuchishalo, ndipo mwini wake ankaipalasa ngati akuthamangitsadi zigawenga.

Masewero onse awiri adatha kalekale pa kanema. Koma pitani lero pamalo obenera mafilimu, mukhale pabenchi kwa ola limodzi. Mwa anthu obwera ndi mafulashi ndi mamemore khadi awo mudzapezeka bambo wa zaka za m'ma 40, wofunsa motsitsa mawu ngati filimu ya Jack Bauer ija idatuluka.

Sidatuluke.

Tsiku limodzi, magawo 24

Sewero la 24 lidayamba kuonetsedwa pa kanema wa Fox ku America mu November 2001. Luso lake lidali loti sizoni iliyonse inkafotokoza tsiku limodzi lokha pa moyo wa Bauer, kazitape wolimbana ndi zigawenga. Magawo adali 24, gawo lililonse likuimira ola limodzi, wotchi ikuwerenga masekondi pa sikirini mtima wako nkumagunda nayo limodzi.

Anzathu a ku America ankadikira sabata yathunthu kuti aone gawo lotsatira. Ife kuno sizoni yonse inkafika pakamodzi, yothithikizidwa pachimbale chimodzi kapena ziwiri. Ndiye anthu ankachezera nayo usiku wonse ngati gule. Magetsi akazima pakati pa nkhani, aliyense ankatuluka panja kukayang'ana ngati kwa aneba nakonso kwada. Amayi ambiri amakumbukira nsima imene idazizira patebulo chifukwa cha munthu ameneyu.

Mu March 2010, a Fox adalengeza kuti sizoni yachisanu ndi chitatu ikhala yomaliza. Gawo lotsiriza lidaonetsedwa pa 24 May chaka chomwecho, magawo onse pamodzi atakwana 192. Nkhani idathera m'malere: Bauer ali wovulala, akuthawa, boma la dziko lake lomwe likumusaka, a ku Russia nawonso akumufuna. Eni sewerolo adatonthoza anthu ponena kuti nkhaniyo ipitirira mu filimu yaikulu.

Apa ndi pomwe kudikira kudayambira. Mlembi wina wodziwika, Billy Ray, adalemba nkhani ya filimuyo koma akuluakulu a kampani sadakhutire nayo. Adakonzanso zoti ayambe kujambula mu 2012, koma mu March chaka chimenecho zonse zidaphwasuka. Sadamvane pa za ndalama, komanso Kiefer Sutherland, yemwe amasewera ngati Bauer, adali atatanganidwa ndi sewero lina lotchedwa Touch.

Mu 2014 adawapatsa anthu kachipukutamisozi, magawo 12 otchedwa Live Another Day, ojambulidwa ku London. M'malo motseka bala, adalikanda. Pamapeto pake Bauer adadzipereka yekha kwa a ku Russia kuti mnzake wokhulupirika, Chloe O'Brian, amasulidwe. Adakwera helikopita, nkhani nkuthera pomwepo. Zaka zapitirira khumi tsopano munthuyo ali m'manja mwa adani ake. Mu 2017 adayesa kupitiriza dzina la sewerolo popanda iye, koma 24: Legacy idangokhala sizoni imodzi. Mu 2024 kudamvekanso mbiri yoti kampani ya 20th Century Studios yayamba kukonza za filimu ija, ndipo mitima ya anthu idadumphanso.

Amathetseranji sewero lokoma?

Ambiri timaganiza kuti sewero limatha chifukwa nkhani yatha. Nthawi zambiri si choncho. Kanema ngati wa Fox amapeza ndalama kuchokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira molingana ndi kuchuluka kwa anthu oonera. Ku America kuli kampani yotchedwa Nielsen imene ntchito yake ndi kuwerenga oonerawo. Sewero likamakalamba, malipiro a akatswiri ake amakwera pomwe oonera amayamba kuchepa. Ziwirizi zikakumana, nkhwangwa imagwa, kaya nkhani ili pakati.

Ndi zomwe zidachitikira Prison Break. Sewero limeneli lidayamba mu August 2005 ndi nkhani ya Michael Scofield, injiniya yemwe adapalamula dala kuti akalowe m'ndende ya Fox River kukapulumutsa mkulu wake Lincoln Burrows, mapu a ndendeyo atawadinda pathupi pake. Oonera atachepa, a Fox adalithetsa mu May 2009. Gawo lomaliza lidangoonetsa manda a Scofield, osalongosola bwino kuti adafa motani.

Ndikukumbukira tsiku lomwe tidaonera gawo limenelo m'nyumba ya mnzathu wina ku Mphate. Tidali anthu oposa khumi m'chipinda cha anthu anayi. Manda ataoneka, mudangoti zii. Kenaka mkangano udabuka, ena akuti chimbalecho ndi chodukiza, wobena adasiya gawo lina. Mmodzi adalonjeza kuti m'mawa akabweza chimbalecho kuti akamupatse ndalama yake.

Chimbale chidalibe mlandu. Yankho lidabwera chaka chomwecho mu filimu yotchedwa The Final Break, imene idaonetsa Scofield akupereka moyo wake kuti atulutse mkazi wake, Sara Tancredi, m'ndende ya amayi ku Miami. Anthu adalira maliro nkupukuta misozi. Ndiye mu 2017 eni ake adamuukitsa, ati adali moyo nthawi yonseyi m'ndende ina ku Yemen. Chidawakopa nchiyani? Adaona kuti anthu ambiri akuonerabe magawo akale pa Netflix ndi m'maiko ena. Oonerawo adawerengeka, ndipo wakufa adadzuka. Mu 2020 Wentworth Miller adanenetsa kuti sadzaseweranso ngati Scofield.

Pomwe oonera adapambana

Nkhani imene okonda mafilimu amaitchula kwambiri pa zoterezi ndi ya sewero lomwe kuno silidatchuke, lotchedwa Firefly. Lidayamba mu September 2002 pa kanema yemweyo wa Fox, lonena za kagulu ka anthu osauka oyendayenda m'mlengalenga pa chombo chakutha. Eni kanema adalisokoneza okha: adaonetsa magawo mosatsata ndondomeko, gawo loyamba nkuliika kumapeto. Pofika December adalithetsa, ataonetsa magawo 11 okha mwa 14 omwe adajambulidwa.

Olikonda, omwe ankadzitcha Browncoats, adalemba makalata, adasonkha ndalama nkulipira chilengezo m'nyuzipepala, koma kanemayo sadasunthike. Chomwe chidasintha zinthu ndi zimbale. Magawo onse atatuluka pa DVD kumapeto kwa 2003, anthu adawagula mwaunyinji. Kampani ina, Universal, idaona kuti pali msika, ndipo idapereka ndalama zokwana $39 miliyoni kwa mlembi wake Joss Whedon. Filimu yotchedwa Serenity idatuluka pa 30 September 2005.

Si kuti zonse zidakoma. Filimuyo idangobweza ndalama pafupifupi zomwe idadya, motero yachiwiri sidapangidwe. Komanso anthu awiri okondedwa a m'nkhaniyo adafera momwemo. Wopempha mvula amapempha ndi matope omwe. Komabe nkhani idatsekedwa, oonera adadziwa mathero.

Ena adachita kuposa apo. Sewero la Veronica Mars, la mtsikana wofufuza milandu, lidathetsedwa mu 2007. Mu March 2013 mlembi wake Rob Thomas adapempha olikonda kuti asonkhe $2 miliyoni kudzera pa tsamba la intaneti la Kickstarter. Ndalamayo idakwana tsiku lisadathe. Pomwe ankatseka msonkhamsonkhawo, anthu 91,585 adali atapereka $5.7 miliyoni, ndipo filimu idatuluka mu March 2014. Ndi chipereganyu chomwe timachidziwa m'mabanki a m'mudzi, kungoti ichi chidali chogulira mathero a nkhani.

Nanga ife adatiwerenga ndani?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza ngati munthu wa kuno. Pa chikondi chokha, sindikukhulupirira kuti wa ku Los Angeles adamukonda Jack Bauer kuposa anyamata a pa Kampepuza kapena pa Lizulu. Koma chikondi chathu sichidalembedwe m'buku la wina aliyense. Chimbale chimodzi chobena chinkazungulira mudzi wonse mpaka kukalika. Lero fulashi imodzi imadyetsa mafoni makumi awiri. Kwa eni sewero, anthu onsewo kulibe.

Sindikunena kuti anthu athu ndi akuba. Munthu wa ku Kasinje akadafuna chimbale chenicheni cha 24, akadachigula kuti? Nyumba yoonetsera mafilimu yeniyeni m'boma muno mulibe. Bandulo ya intaneti yokwanira kuonera sizoni yathunthu ikulimbana ndi ndalama ya sopo ndi mchere. Wobena mafilimu uja adangotseka dzenje limene wina aliyense adalisiya pululu, ndipo wotanthauzira adachita chomwe makampani akuluakulu sadachiganizire nkomwe, kulankhulitsa mafilimuwo chilankhulo chathu kuti ndi agogo omwe amve. Makolo ali ndi dandaulo lawo lomveka pa ana othawa m'kalasi kukabisala m'mavidiyo sho, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

A ku America sadzasauka chifukwa cha Ntcheu. Amene chizolowezichi chimawapweteka ndi athu omwe. Kanema wa dziko lino, TVM, adayamba mu 1999, ndipo sewero ngati Tikuferanji lidasonyeza kuti Amalawi amakhala pansi kuonera nkhani zawo. Michael Usi adatchuka ndi dzina la Manganya mpaka anthu ena kuiwala dzina lake lenileni, zaka zambiri asadakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, mafilimu omwe adatenga mphoto kunja. Joyce Mhango Chavula adapambana mphoto ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Luso lilipo. Koma wopanga filimu akapita kwa mwini ndalama kukapempha thandizo la filimu yotsatira, amafunsidwa funso lomwe lija a Universal adadzifunsa: agula ndi angati? Iye amadziwa kuti dziko lonse laonera, koma alibe pepala losonyeza.

Ndiye nthawi nayo sidikira. Ndi angati mwa ife tidalakalaka kudzaona Izeki ndi Jakobo mu filimu yaitali, yojambulidwa ndi makamera a masiku ano, akukangana kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto? John Nyanga, yemwe adali Izeki, adatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, adatsatira mu 2021. Scofield adatha kumuukitsa ndi cholembera. Awa ayi.

Pali zina zomwe zasintha. Lamulo la Copyright la 2016 lidabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, monga mafoni ndi mafulashi, ndipo bungwe la Cosoma limagawa ndalamazo kwa aluso. Achinyamata ambiri tsopano akuika masewero awo pa YouTube, pomwe aliyense woonera amawerengedwa ndipo nambala imaonekera poyera. Aka nkoyamba kuti kuonera kwa munthu wa ku Bawi kuthe kulembedwa penapake. Mu 2025 anthu adalipira pakhomo nkudzaza holo ku Lilongwe kukaonera filimu ya Welcome to Maula Prison, umboni woti Mmalawi amatulutsa ndalama ngati pali pomwe angaiperekere. Vuto ndi loti mmodzi akatsitsa sewero pa YouTube nkugawira anzake onse a pamsika, nambala ija imangoti mmodzi.

Bambo uja wa pabenchi akadzabweranso mwezi wa mawa adzafunsa funso lomwelo, ndipo mnyamata wa pakompyuta adzapukusa mutu nkumuikira filimu ina ya nkhondo kuti asabwerere chimanjamanja. Tsiku lomwe filimu ya Bauer idzatuluke, ngati lidzafike, siidzachedwa kufika pa Ntcheu. Idzatsika pa minibasi yochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ili m'thumba la malaya, Bauer akutuluka m'ndende ya ku Russia akulankhula Chichewa cha pamsika. Mabenchi adzadzaza, ana adzasuzumira m'ming'alu ya zitseko, ndipo ku Los Angeles sadzamva kanthu.