LOLE ITAIMA, INJINI IRIKULIRA: MAFUTA APITA KUTI?

Nkhani ya pa wailesi yokambidwa ndi Mlangizi wa za Malimidwe

 Lero sindikamba za mbeu kapena za manyowa iai, koma za malole akuru aja okoka ngolo yaitali, amene amatitengera fetereza kuchokera ku madoko a Beira ndi Nacala, ndi kunyamula fodya wathu kunka naye ku okushoni. Kapena wina afunsa kuti, kodi za malole zimkhudza bwanji mlimi? Zimkhudza ndithu, pakuti mafuta amene lole imwa amalowa pa mtengo wa thumba liri lonse limene inyamula, ndipo wolipira potsiriza ndi inu ndi ine.

Kudya osagwira nchito

Amene munafikapo pa chipata cha Mwanza, kapena pa mzere wa malole a fodya ku Kanengo, munaona chinthu ichi: lole yaima, dalaivala ali m'tulo kapena wapita kukamwa tiyi, koma injini irikulira yokha. Pa Chingerezi amati idling. Nthawi imeneyo injini sikoka kanthu, komabe mafuta irikumwa. Ifanana ndi waganyu amene wakhala pamthunzi, khasu liri pansi, koma nsima ikabwera adya nawo.

Akatswiri a ku Argonne National Laboratory, m'dziko la America, anawerenga kuti lole yaikuru yolira chiimire imwa malita a dizilo pafupifupi 3 pa ora limodzi. Usiku wa maora 10 ndiye kuti malita 30 apita. Anawerenganso kuti lole ya maulendo atali ya kumeneko imalira motero maora pafupifupi 1,800 pa chaka, ndipo mafuta ache akwana malita 5,700. Imeneyo ndi migolo 28 ya malita 200, yopsereza pachabe, lole yosasuntha ngakhale phazi limodzi. Akuru anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chifukwa chache achita chomwechi

Tisafulumire kuwadzudzula madalaivala a ku America. Dziko lao ndi lalikuru kwambiri, kotero kuti munthu amatha masiku ambiri ali pa mseu, ndipo amagona m'kachipinda kamene kali kumbuyo kwa mpando wache. Lamulo la kumeneko limlola kuyendetsa maora 11 okha, pambuyo pache apumule maora 10 otsatana. Tsono nyengo yachisanu kumazizira mpaka madzi kuuma ngati mwala, ndipo nyengo yotentha m'kachipindamo mumakhala ngati m'ng'anjo. Makina otenthetsa kapena kuziziritsa m'kati amadalira injini. Ndicho chifukwa chache munthuyo aisiya irikulira usiku wonse kuti apeze tulo.

Zoipa zache

Kutha kwa mafuta si bvuto lokhalo. Injini ya dizilo inapangidwa kuti idzigwira nchito iri yotentha. Ikamalira pang'onopang'ono popanda katundu sitentha mokwanira, ndipo mafuta sapsa onse, monga momwe nkhuni zaziwisi zichitira utsi wambiri ndi moto wochepa. Mwaye umamatirira m'kati, ndipo dizilo wina wosapsa amatsikira mu oilo ndi kumsungunula, kotero kuti zitsulo zimayamba kudyana msanga. Malole a ku America opangidwa kuyambira 2007 ali ndi sefa yogwira mwaye pa mpope wa utsi, ndipo sefayo imatsekeka msanga ngati lole ilira chiimire nthawi zambiri.

Utsi womwewo ndi woipa kwa anthu. M'chaka cha 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Woyamba kuupuma ndiye dalaivala wogona m'katimo, kenaka amai ogulitsa nthochi ndi mandasi pambali pa loleyo.

Injini yodzizimitsa yokha

Poona zimenezi, boma la chigawo cha California linaika lamulo m'chaka cha 2005 loti garimoto yaikuru ya dizilo isalire chiimire kupitirira mphindi 5. Kuyambira 2008 lamulolo linakhudzanso malole ogonamo, ndipo linanena kuti injini zatsopano zikhale zodzizimitsa zokha, pokhapokha ngati wopanga asonyeza kuti injini yache itulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri polira chiimire. Opanga ambiri anasankha njira yachiwiriyi. Komabe eni malole ambiri amachera okha kuti injini idzizima, chifukwa aona ndarama zimene zipulumuka.

Kachitidwe kache nkotere. Injini za makono ziri ndi kabokosi ka kompyuta kamene kamayang'anira zonse. Kamadziwa ngati mateyala alikuzungulira, ngati lole iri m'giya, ndi ngati buleki yoimikira yamangidwa. Kakaona kuti lole yaima ndipo buleki yamangidwa, kamayamba kuwerenga nthawi. Patatsala pang'ono kuti mphindi zikwane, nyali yochenjeza imaphethira patsogolo pa dalaivala. Iye akaponda chopondera cha mafuta kapena buleki, kabokosiko kadziwa kuti munthu alipo, ndipo kayambanso kuwerenga. Akapanda kuchita kanthu, kamatseka mafuta, injini nkukhala chete. Sikuti lole yafa iai; akapotoza kiyi iliranso bwino lomwe.

Kabokosika sikazimitsa mwaumbuli. Ngati injini ikali yozizira m'mawa, kamailola iyambe yatentha. Ngati injini irikuyendetsa makina ena, monga pampu yotsitsira mafuta kapena mgolo wosakanizira simenti, kamaisiya, pakuti pamenepo irikugwira nchito. Mwini lole akhozanso kuchera kuti kasazimitse kunja kukazizira kapena kutentha kopitirira muyeso. Malole ena ali ndi nzeru yoposa apa: injini imadzilizanso yokha batire ikayamba kufooka kapena m'kachipinda mukazizira, ndipo zikakhala bwino imazimanso.

Dandaulo la madalaivala

Madalaivala ambiri sanakondwere nazo, ndipo dandaulo lao linali lomveka. Mwini lole agona kwache pabwino, koma wanchito wache adzuka pakati pa usiku thukuta liri kamukamu chifukwa injini yazima. Dalaivala wosagona bwino ndiye amachita ngozi. Chifukwa chache eni malole anzeru amaikamo kainjini kena kakang'ono pambali, kamene kamwa pafupifupi lita imodzi pa ora ndipo kamapatsa magetsi ndi mpweya wozizira. Ena amaika kambaula ka dizilo kotenthetsa m'kachipinda, kamene kamwa mafuta ochepa koposa. Phunziro ndi lakuti ukamletsa munthu chinthu, umpatse china cholowa m'malo mwache.

Nanga ife kuno?

Ambiri a ife tiribe malole otere, koma injini za dizilo tiri nazo: thirakitala, chigayo, pampu yothirira kudimba, ndi lole imene kalabu ya alimi ichita hayala. Injini zathu zambiri ziribe kabokosi kaja, tsono kabokosiko kakhale mutu wathu. Kumbukirani zinthu zinai.

Choyamba: ngati muona kuti muima kupitirira mphindi 5, zimitsani. Pali mau ofala akuti kuliza injini kumatha mafuta ambiri koposa kuisiya irikulira. Si zoona. Injini yotentha kale imalira ndi mafuta osafika ngakhale a mphindi imodzi.

Chachiwiri: musazimitse mwadzidzidzi injini imene yangochoka pa nchito yolemetsa, monga kulima mphanje kapena kukwera chitunda ndi katundu. Isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi 3 kufikira 5, kuti oilo aziziritse zitsulo zam'kati, makamaka ngati iri ndi turbo. Ng'ombenso sitiimwetsa madzi ingochoka m'goli iri wefuwefu.

Chachitatu: ambiri amaopa kuzimitsa chifukwa batire ndi yofooka, ndipo safuna kukankha. Konzani batireyo. Dizilo wotayika miyezi ingapo aposa mtengo wa batire yatsopano.

Chachinai: konzekani lole isanafike. Mabelo a fodya kapena matumba a chimanga akhale pamalo amodzi, osokedwa ndi olembedwa, onyamula ali pomwepo. Kuchigayo nakonso, nkwabwino kugaya anthu atasonkhana, kusiyana ndi kusiya lamba alikuzungulira podikira mtanga umodzi.

Kwa inu mafumu ndi nyakwawa, ndipempha kuti mukambe nkhaniyi pa bwalo. Malole akamaima pafupi ndi sukulu, chipatala kapena msika wa m'dera lanu, pemphani madalaivala mwaulemu kuti azimitse. Koma dziwani kuti lole yonyamula nyama, mkaka kapena mankhwala iri ndi kainjini kache kapadera koziziritsa katundu; kameneko kayenera kulira. Dziwaninso kuti lole yaikuru m'mawa imafuna mphindi zingapo kuti mphepo ya mabuleki idzale, ndipo musamfulumize dalaivala pamenepo.

Dziko lathu liribe chitsime cha mafuta, ndipo liribe doko la pa nyanja yamchere. Dizilo yense amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndarama zakunja zimene fodya, tiyi ndi shuga wathu zibweretsa. Lita iri yonse yopsa pachabe ndi thukuta la mlimi. Madzi akatayika saoleka.