Mapepala Atatu a Mwana Wokaphunzira Kunja

Mlendo akafika pakhomo amayamba ndi odi. Eni nyumba akavomera, amalowa. Koma kuti akhale miyezi yambiri pamudzi, ayenera kudziwika kwa amfumu.

Maiko nawonso amatero. Tiyeni tione za mwana wa ku Mozambique amene wapeza malo pa yunivesite ya ku Portugal. Mwana ameneyu afunika mapepala atatu.

Pepala loyamba ndi pasipoti. Pasipoti imanena dzina la munthu ndi dziko lake. Imaperekedwa ndi dziko lathu, ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka, yotchedwa SENAMI.

Pepala lachiwiri ndi viza. Viza ndiye odi. Imaperekedwa ndi dziko limene mwana akupita, iye asananyamuke. Dziko la Portugal lili ndi maofesi opereka viza ku Maputo ndi ku Beira. Popempha viza, mwana aonetse kalata ya sukulu yomulandira, umboni wakuti ali ndi ndalama zodyera ndi zolipirira pogona, kalata yosonyeza kuti alibe mlandu, ndi pepala la inshuwalansi yomuthandiza akadwala. Viza ya wokaphunzira nthawi yaitali imagwira ntchito miyezi 4 yokha.

Pepala lachitatu ndi chilolezo chokhalira m'dziko. Maphunziro a ku yunivesite amatenga zaka, pamene viza imatha pa miyezi 4. Choncho mwana akafika ku Portugal apemphe chilolezochi viza isanathe. Kale ankapempha ku ofesi yotchedwa SEF. Ofesiyo inatsekedwa mu 2023, ndipo tsopano amapempha ku AIMA. Kumeneko anthu amachuluka, ndipo ena amadikira nthawi yaitali. Mwana asunge bwino pepala losonyeza kuti anapempha.

Chilolezo nachonso chili ndi tsiku lothera. Tsikulo likayandikira, mwana apemphe kuti amuwonjezere nthawi, ndipo aonetse kuti akuphunzirabe. Akalekerera, angathe kulipitsidwa chindapusa, kapena kuuzidwa kuti atuluke m'dzikomo maphunziro ali pakati. Pamenepo mbuzi zimene banja linagulitsa zapita pachabe.

Inu amayi ndi abambo, chenjerani ndi anthu onena kuti, “Tipatseni ndalama, viza tikupezerani mawa.” Viza sagula pamsika. Pepala labodza limabweza mwana pa bwalo la ndege.

Pa pepala lililonse pamalembedwa tsiku, mwezi ndi chaka. Mwana asananyamuke, khalani naye pansi. Werengani limodzi tsiku lothera viza. Lilembeni m'kope lanu, kuti muzimukumbutsa mukamalankhula naye pafoni.

Tiyeni tikambirane:
1. Kodi pasipoti imaperekedwa ndi dziko liti?
2. Kodi viza isiyana bwanji ndi chilolezo chokhalira m'dziko?
3. Viza yayamba pa 1 Seputembala. Kodi miyezi 4 ikwana liti?