Bala losaoneka la opulumuka ngozi zapamsewu ku Mutare

Aliyense wolowa mumzinda wa Mutare kuchokera ku Harare amatsetsereka pa Christmas Pass, pomwe msewu umakhotakhota ndipo malole opita kudoko la Beira amapanikizana ndi mabasi komanso magalimoto a alimi. Pamsewu womwewu, pafupi ndi tauni ya Rusape, mabasi awiri anawombana pa 7 Novembala 2018 ndipo anthu osachepera 47 anataya miyoyo yawo. Ngozi ikachitika, anthu amawerenga akufa ndi ovulala. Amene amaiwalika ndi aja amatuluka m'chipatala mabala atapola, koma akangogwira chiwongolero manja amayamba kunjenjemera.

Vutoli limapweteka kwambiri anthu amene amadyera pamsewu. Mlimi wa nthochi wa ku Honde Valley akalephera kuyendetsa galimoto yake mpaka kumsika wa Sakubva, zokolola zimawolera pakhomo. Dalaivala wa minibasi amabisa mantha ake poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo ena amathawira ku mowa, umene umangoitana ngozi ina.

Akatswiri a zamaganizo amafotokoza kuti ubongo umasunga zimene zinalipo pa nthawi ya ngozi: kulira kwa mabuleki, fungo la petulo, kuwala kwa nyali za galimoto yochokera kutsogolo. Chimodzi mwa izi chikabweranso, thupi limachita ngati ngoziyo ikuchitikanso. Mtima umagunda mwamphamvu, munthu amabanika, thukuta lili kamukamu, mwinanso n'kumaganiza kuti akufa. Imeneyi si misala. Mantha otere kawirikawiri amafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, kenako amatsika okha.

Manthawa akabwera munthu ali pachiwongolero, ayenera kuchepetsa liwiro, kuyatsa nyali zochenjeza ndi kuima pamalo otakasuka, kutali ndi pokhota. Apume pang'onopang'ono, potulutsa mpweya azitenga nthawi yaitali kuposa pokoka. Atchule mokweza zinthu zimene akuziona, dzina la malowo ndi tsiku lake, kuti maganizo abwerere pamene thupi lili. Mtima ukakhazikika apitirize ulendo, ngakhale pamtunda waufupi.

Kupitiriza kumeneku n'kofunika chifukwa kuthawa msewu kumakulitsa mantha. Munthu akasiyiratu kuyendetsa amapeza mpumulo wa tsiku limenelo, koma ubongo umatsimikiza kuti msewu ndi mdani. Njira yothandiza ndiyo kubwerera mwa masitepe: kukhala m'galimoto yoima, kuiliza osayenda, kuzungulira bwalo la mpira, kuyenda m'misewu ya m'dera pamodzi ndi mnzake wodalirika, ndipo pomaliza kukwera Christmas Pass masana kunja kuli bwino. Sitepe iliyonse aibwereze mpaka mantha atachepa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alangizi a m'midzi ali ndi chitsanzo chabwino m'dziko la Zimbabwe momwemo. M'chaka cha 2006, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Phunziro lake n'lakuti kumvetsera modekha ndi mankhwala. Mlangizi asakakamize wopulumuka kufotokoza zonse za ngoziyo, ndipo asamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Amufunse za tulo, za chakudya ndi za ntchito, kenako agwirizane sitepe imodzi yoti aiyese sabata imeneyo.

Anthu ambiri amapeza bwino pakatha masabata angapo. Koma maloto oipa, kudzidzimuka ndi kuthawa msewu zikapitirira mwezi umodzi, kapena munthu akayamba kulankhula zodzipha, mlangizi amutumize msanga kuchipatala chapafupi kapena ku Victoria Chitepo Provincial Hospital ku Mutare. M'chaka cha 2013, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam asaperekedwe pochiza mantha otere m'mwezi woyamba, ndipo linalimbikitsa uphungu wa anthu ophunzitsidwa.

Choncho makalabu a alimi akamasonkha ndalama zokonzetsera galimoto ya mnzawo amene wachita ngozi, asankhenso munthu mmodzi wodzakhala naye pampando wakutsogolo pa ulendo wake woyamba wopita kumsika.